Momwe mungasankhire zilembo za serif za mitu ya nkhani ndi chizindikiro cha bizinesi

Mlamu wanga amaphika makeke aukwati. Atandipempha kuti ndimukonzere sitika yomata pamakatoni ake, ndinasankha zilembo zamtundu wa Didot, za mizere ina yonenepa ndi ina yopyapyala kwambiri, zoyera, zitakhala pamwamba pa mtundu wobiriwira woderako. Pakompyuta zinkaoneka ngati chikuto cha magazini. Tsiku lomwe tinakatenga masitikawo kwa osindikiza, timizere topyapyala ta zilembozo tinali titamira mu inki. Chilembo e chinkaoneka ngati c, ndipo H anangotsala mizati iwiri yoima payokha. Mlamu wanga anatenga sitika imodzi, n'kuiyandikitsa kumaso, kenako n'kutambasula mkono kuti aione patali. Anangoti, "Alamu, kodi munthu awerenga dzinali?" Wosindikizayo sanalakwe chilichonse. Anasindikiza chomwe ndinamupatsa.

Kukongola kwa zilembo zoterezi kuli m'timizere topyapyalato, ndipo timizere tomweto ndi tomwe timayamba kufa zinthu zikavuta. Malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pamenepo.

Tiyambe tamvana mawu. Serif ndi timiyendo tating'ono tomwe timakhala kumapeto kwa mizere ya chilembo, monga momwe mumaonera pansi pa T kapena M mu Times New Roman. Fonti ndi mtundu wa kaonekedwe ka zilembo, ndipo ikamatchedwa display, ndiye kuti inapangidwira malemba akuluakulu: mutu wa nkhani, dzina la sitolo, chikuto cha buku, khadi laukwati. Kale, zilembo zikadali zachitsulo, mmisiri ankasema saizi iliyonse payokha. Zilembo zazing'ono ankazinenepetsa mizere kuti zipirire inki, zazikulu ankaziwonda n'kuzikometsa chifukwa diso likanatha kuona luso lake. Kompyuta imangokulitsa kapena kuchepetsa chithunzi chimodzi chomwecho, choncho udindo wosankha saizi yoyenera watsalira inu.

Choyamba: lembani malo onse omwe dzinalo likakhale

Musanatsegule Google Fonts (tsamba la mafonti aulere) kapena Canva (pulogalamu yokonzera zojambula), tengani pepala. Lembani paliponse pomwe mawuwo akaonekere: chikwangwani cha pakhomo la sitolo, sitika ya pabotolo, chidindo cha risiti, chithunzi cha pa WhatsApp Business, tisheti yopetedwa ndi ulusi, galasi la galimoto. Kenako zungulizani malo aang'ono kwambiri ndi malo ovuta kwambiri. Amenewo ndiwo akusankhireni fonti. Chikwangwani chachikulu chimalandira pafupifupi fonti iliyonse, koma kachithunzi kozungulira ka pa WhatsApp, komwe pafoni n'kochepa ngati ndalama yachitsulo, kamakana zambiri. Makina opetera nawonso sangasoke mzere wopyapyala kuposa ulusi wake, ndipo pulasitiki yomata yodulidwa ndi makina imang'ambika pa timizere tating'ono pamene akuchotsa zotsalira.

Ngati mukungofuna mutu wa nkhani pa tsamba la intaneti kapena pa chikuto cha lipoti, muli ndi ufulu wambiri. Ngati ndi chizindikiro cha bizinesi chomwe chidzakhale zaka, samalani kwambiri.

Chachiwiri: dziwani mabanja a zilembozi

Apa ndichedwapo, chifukwa ambiri amasankha fonti pongoona kuti ndi yokongola, osadziwa kuti ikunena chiyani kwa owerenga.

Banja lomwe anthu amaliganizira msanga akamva za zilembo zapamwamba ndi la Didot ndi Bodoni. Firmin Didot ankagwira ntchito ku Paris, Giambattista Bodoni ku Parma m'dziko la Italy, onse kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Nthawi imeneyo mapepala anali atayamba kusalala ndipo makina osindikizira anali atawongokera, ndiye iwo anatha kupanga zilembo za mizere yoimirira yonenepa kwambiri ndi yopingasa yowonda ngati tsitsi. Buku lalikulu la Bodoni loonetsa zilembo zake, Manuale Tipografico, linatulutsidwa ndi mkazi wake mu 1818, iye atamwalira kale mu 1813. Mayina a magazini a Vogue ndi Harper's Bazaar amalembedwa ndi zilembo za banja limeneli, ndipo n'chifukwa chake munthu akaziona amaganiza za zovala zodula, mafuta onunkhira ndi ndolo. Zimayenera saluni, telala wa madiresi aukwati, kapena wogulitsa zodzoladzola. Pa sitolo ya simenti ndi malata zimaoneka ngati mlendo wosochera. Mwa zaulere, yang'anani Bodoni Moda. Ubwino wake ndi woti ili ndi optical size kuyambira 6 mpaka 96, kutanthauza kuti mutha kusankha mtundu wa mizere yonenepako pa malemba aang'ono, ndi wowonda kwambiri pa aakulu, monga ankachitira amisiri akale aja.

Pafupi ndi banja limeneli pali Playfair Display, yomwe Claus Eggers Sørensen wa ku Denmark anatulutsa mu 2011. Imatengera zilembo za nthawi ya John Baskerville wa ku Birmingham, yemwe ankasindikiza m'zaka za m'ma 1750. Ndi yofatsa kusiyana ndi Didot, ndipo italic yake, kutanthauza zilembo zake zopendekeka, ndi yokoma kwambiri pa mayina a mkwati ndi mkwatibwi. Vuto lake ndi limodzi: aliyense akuigwiritsa ntchito. Pa khadi laukwati palibe cholakwika, koma ngati mukufuna kuti chizindikiro chanu chisafanane ndi cha anzanu ogulitsa zomwezo pa Facebook, ganizirani kawiri.

Cormorant, ya Christian Thalmann, imachokera ku mwambo wakale kuposa pamenepo, wa Claude Garamond wa ku Paris wa m'zaka za m'ma 1500. Ndi yowonda, yakuthwa, yaulemu. Ine ndimaikonda pa chikuto cha buku la ndakatulo kapena pa pulogalamu ya mwambo, koma imafuna malo ndithu. Mukaichepetsa imazilala msanga kuposa zinzake zonse.

Ngati mukufuna mawu omveka patali, pitani ku banja la zilembo zonenepa lotchedwa fat face. Linabadwira ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pamene amalonda ankafuna mapositala okopa anthu mumsewu, ndipo dzina la Robert Thorne limatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake. Abril Fatface ya TypeTogether ndi mdzukulu wa zilembo zimenezo. Imakhala bwino pa mawu amodzi kapena awiri. Dziwani kuti ngakhale ndi yonenepa, timizere take topingasa n'topyapyalabe.

Pali zina ziwiri zomwe ndimathamangirako ntchito ikakhala ya pa zinthu zovuta. DM Serif Display, ya Colophon Foundry, ili ndi thupi lolimba ndipo imapirira kusindikiza kwa wamba. Fraunces, ya Phaedra Charles ndi Flavia Zimbardi, ndi yofewa ndi yansangala, yotengera zilembo zakale monga Windsor ndi Cooper. Imagwirizana ndi zakudya: uchi, chiponde, khofi, buledi. Pomaliza pali zilembo zazikuluzikulu zokhazokha zotengera zolemba zosemedwa pamiyala ku Roma, monga Trajan yomwe Carol Twombly anakonzera Adobe mu 1989 potengera mawu a pa chipilala cha Trajan cha m'chaka cha 113, kapena Cinzel yaulere. Zimenezi n'za maloya, masukulu ndi masatifiketi.

Sankhani zitatu zokha, za m'mabanja osiyana. Mukatenga khumi mudzangotopa maso.

Chachitatu: onani chilolezo

Fonti ndi katundu wa munthu. Zambiri za pa Google Fonts zili pansi pa SIL Open Font License, yomwe imakulolani kuzigwiritsa ntchito pa malonda, ngakhale pa chizindikiro, bola musagulitse fontiyo payokha. Pa masamba ena monga DaFont mupeza zambiri zolembedwa kuti "free for personal use". Zimenezo simungaike pa katundu wogulitsa musanalipire mwiniwake. Mukamagula fonti, werengani ngati chilolezocho n'cha pakompyuta pokha kapena chikuphatikiza tsamba la intaneti, chifukwa nthawi zambiri amagulitsa padera. Sungani fayilo ya chilolezo mufoda imodzi ndi fontiyo.

Chachinayi: iyeseni ndi mawu athu

Zitsanzo zomwe opanga mafonti amaonetsa zimakhala za Chingerezi, mawu afupiafupi osankhidwa bwino kuti fontiyo ioneke yokongola. Inu lembani mawu enieni omwe mukawagwiritse ntchito. Pa Google Fonts pali malo olembamo mawu anu n'kuwaona m'mafonti onse nthawi imodzi.

Yambani ndi chilembo ŵ. Lembani "Malaŵi" ndi "maŵa", ndiponso Ŵ wamkulu. Mu Microsoft Word mumachipeza polemba 0175 kenako n'kudina Alt ndi X pamodzi, ndipo chachikulu ndi 0174. Mafonti ambiri aulere a pa intaneti alibe chilembochi, ndipo kompyuta imangobwereka cha fonti ina mwakachetechete. Pa malemba aang'ono mwina simungazindikire, koma pa mutu waukulu ŵ wobwerekayo amaonekera ngati chigamba cha nsalu ina. Ngakhale inu simulemba ŵ tsiku ndi tsiku, kasitomala wanu wina adzamufuna pa dzina lake.

Kenako onani kachizindikiro ka mu ng', m' ndi n'. Lembani "ng'ombe", "pang'ono", "m'mudzi". Chichewa chimagwiritsa ntchito kachizindikiroka pakati pa mawu kawirikawiri, ndiye kayenera kukhala kopindika kofanana ndi chizindikiro cha koma (,) cha fontiyo, osati kowongoka ka makina otayipira akale. Pa zilembo za Didot kusiyanaku kumaonekera patali. Onaninso mpata wa mbali zake. Mafonti ena amasiya dzenje lalikulu pambuyo pake moti "pang'ono" amaoneka ngati mawu awiri.

Mawu athu ndi aataliatali. "Chikondwerero" ali ndi zilembo 13, ndipo mutu ngati "Tikukuitanirani ku chinkhoswe" umadzaza mzere msanga. Fonti yotambalala idzakukakamizani kuchepetsa saizi, ndipo mukachepetsa, timizere tija timayamba kuzimiririka. Musayese kufinya mawu pokoka bokosi lake m'mbali ndi mausi. Kutero kumawondetsa mizere yoimirira n'kusiya yopingasa momwe inalili, ndipo zilembo zimapunduka. Ndi bwino kudula mutuwo m'mizere iwiri kapena kusankha fonti yopapatiza mwachibadwa. Yang'anitsitsaninso magulu omwe amabwera pafupipafupi m'chilankhulo chathu, monga mw, nkh, ndw, ny ndi dz. Chilembo w chimatenga malo ambiri ndipo chili ndi mizere yopendekeka, choncho mu "mwana" kapena "bwenzi" mpata umatha kuoneka wosalingana.

Musaiwale manambala. Playfair Display ndi Cormorant zimabwera ndi manambala akale omwe ena amatsika pansi pa mzere, ena amakwera. Amakoma m'chiganizo, koma pa nambala ya foni kapena pa mtengo ngati K25,000 amaoneka ngati akuvina, ndipo 1 wa Cormorant amafanana ndi chilembo I. Mu Word, tsegulani Font, pitani pa Advanced, ndipo pa Number forms sankhani Lining. Pa tsamba la intaneti, wokonza tsambalo alembe font-variant-numeric: lining-nums. Ngati pulogalamu yanu silola zimenezi, lembani nambala ya foni ndi fonti yachiwiri.

Chachisanu: konzani mipata ndi diso

Mukasankha fonti imodzi, ntchito yeniyeni yayamba. Malemba akakula, mipata pakati pa zilembo imaoneka yokulirapo, ndiye mutu wa zilembo zazing'ono umafuna kuthinitsidwa pang'ono. Mu mapulogalamu okonzera zojambula a Illustrator kapena InDesign yesani tracking, yomwe ndi mpata wa pakati pa zilembo zonse, ya -10 mpaka -20. Zilembo zazikulu zokhazokha zimafuna zosiyana ndi zimenezi: zipatseni mpweya, +50 mpaka +100, ndipo mudzaona dzinalo likukhazikika mwaulemu. Zilembo za italic musazitalikitse, zimamasuka n'kutaya kayendedwe kake.

Kenako bwerani pa mpata wa pakati pa zilembo ziwiriziwiri, zomwe amati kerning. Ovuta kwambiri ndi T, W, Y ndi A akakumana ndi anzawo: "Ta" mu Tadala, "Wa" mu Wathu, "Ya" mu Yankho, "AW" mu MALAWI. Mu Illustrator ikani kasa (kamzere kosonyeza pomwe mukulemba) pakati pa zilembo ziwirizo, gwirani Alt, n'kudina muvi wakumanzere kapena wakumanja. Mu Word chongani Kerning for fonts pa Advanced pomwe paja. Njira yomwe imandithandiza ndi kutembenuza mawuwo chadodolido. Mukatero ubongo umasiya kuwerenga, n'kuyamba kuona mipata yokha. Ganizani ngati mukuthira mchenga pakati pa zilembo zilizonse ziwiri: mchengawo ukhale wofanana paliponse. Pa dzina la zilembo zisanu ndi chimodzi ntchito imeneyi ingakutengereni theka la ola, ndipo ndi theka la ola lomwe limasiyanitsa chizindikiro chokonzedwa ndi mawu ongotayipidwa.

Mutu ukakhala wa mizere iwiri, yandikitsani mizereyo. Mpata wa 100 mpaka 110 peresenti ya saizi ya zilembo umakwana, bola mchira wa g kapena y wa pamwamba usagunde mutu wa k kapena h wa pansi.

Chachisanu ndi chimodzi: ipezereni mnzake mmodzi

Fonti ya display ndi ya mutu basi. Adiresi, nambala ya foni, zosakaniza za m'botolo ndi nkhani yonse zilembedwe ndi fonti yodekha yowerengeka bwino. Source Sans kapena Lato zimagwirizana ndi pafupifupi zonse ndatchulazi. Musaphatikize ma serif awiri a display pamalo amodzi, amalimbirana maso a owerenga. Mithunzi, mizere yozungulira zilembo ndi mtundu wa golide wonyezimira wa pakompyuta, zonsezi zisiyeni. Mzere wozungulira umadya timizere topyapyala, ndipo mthunzi umatisokoneza.

Chachisanu ndi chiwiri: yesani pa saizi yeniyeni

Ili ndiye gawo lomwe ndinalumpha pa masitika a mlamu wanga. Sikirini imakunamizani chifukwa imawala ndipo mumatha kukulitsa chithunzi momwe mukufunira. Sindikizani chizindikirocho pa pepala wamba, pa saizi yomwe chikakhale, chakuda pa choyera, musanaganize n'komwe za mitundu. Dulani ndi lumo, matani pa katoni kapena botolo lenilenilo, liikeni pa shelefu, mubwerere m'mbuyo mapazi angapo. Itanani munthu yemwe sakudziwa dzinalo, makamaka wachikulire, awerenge mokweza. Akazengereza, fontiyo yalephera pa saizi imeneyo.

Yezani mzere wowonda kwambiri wa chilembo. Osindikiza amayeza ndi mapointi (pt), ndipo mapointi 72 ndi inchi imodzi, yomwe ndi mamilimita 25.4. Osindikiza ambiri safuna mzere wochepera 0.25 pt, ndipo ukakhala woyera pamwamba pa mtundu wakuda umafunika kufika cha m'ma 0.5 pt kapena kuposa. Chifukwa chake n'chakuti inki imafalikira pang'ono ikagwera papepala. Zilembo zakuda pa pepala loyera zimanenepa, koma zoyera pamwamba pa mtundu zimaphwanyiridwa mbali zonse. Mtundu wa kumbuyowo ukakhala wosakaniza inki zingapo za CMYK (inki zinayi zomwe makina osindikizira amasakaniza), monga wobiriwira uja, inki iliyonse imatha kusuntha pang'ono, ndipo kamzere koyera kamatsekeka. Mukafuna zoyera pa zakuda, sankhani mtundu wonenepako wa fontiyo, monga SemiBold m'malo mwa Regular, kapena tsitsani optical size.

Za chikwangwani, sindikizani chilembo chimodzi kapena ziwiri pa saizi yeniyeni pa mapepala a A4, muzimate pakhoma pomwe chikwangwanicho chikakhale, kenako muwoloke msewu. Yang'anani masana dzuwa lili pamutu, mudzaonenso madzulo. Ngati chikwangwanicho chikalembedwe ndi wolemba wa burashi, mupatseni pepala lokhala ndi zilembo zonse za dzinalo zitakulitsidwa, ndipo mumvereni akakuuzani kuti mzere wina ndi wowonda kwambiri pa khoma la pulasitala wokhakhala. Iye amalidziwa khomalo kuposa kompyuta yanu.

Kachithunzi ka pa WhatsApp kapena Facebook nthawi zambiri sikangalandire dzina lonse. Konzani mtundu wachiwiri wa chizindikiro wokhala ndi chilembo choyamba chokha, chachikulu, chonenepa. Dzitumizireni nokha pafoni, muone momwe chikuonekera pakati pa mayina ena.

Chomaliza: kutumiza ntchito

Kompyuta ya osindikiza mwina ilibe fonti yanu, ndipo ikaisowa imaika ina. Choncho sandutsani mawu a chizindikiro akhale zojambula. Mu Illustrator dinani Ctrl, Shift ndi O. Mu CorelDRAW, yomwe imapezeka m'malo ambiri osindikizira, ndi Ctrl ndi Q. Mu Inkscape, yomwe ndi yaulere, pitani pa Path n'kusankha Object to Path. Musanatero sungani kope lina lomwe mawu ake akadali osinthika, chifukwa akasanduka zojambula simungakonzenso sipelo. Tumizani PDF kapena SVG. Chithunzi cha JPG chodutsa pa WhatsApp chimapanikizidwa, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi timizere tomwe tija. Ngati palibe njira ina koma WhatsApp, tumizani ngati Document. Pemphani kuti akusindikizireni chimodzi choyamba pa pepala kapena pulasitiki yeniyeniyo, muchione ndi maso anu musanavomere mtolo wonse.

Pa tsamba la intaneti, gwiritsani ntchito mafayilo a fonti opepuka otchedwa WOFF2, ndipo ikani mtundu umodzi kapena iwiri yokha ya fonti ya mutu. Fayilo iliyonse yowonjezera imadya bandulo ya owerenga ndi kuchedwetsa tsamba. Wokonza tsambalo alembenso font-display: swap kuti mawu aoneke msanga fontiyo ikadali m'njira, ndipo onetsetsani kuti gulu la zilembo zowonjezera lotchedwa latin-ext lilipo, chifukwa ndi momwe muli ŵ.

Masitika a mlamu wanga tinawakonzanso ndi DM Serif Display. Tinatembenuza mitundu: zilembo zobiriwira zoderako pa sitika yotuwira ngati mkaka, dzina lokha pamwamba, nambala ya foni pansi mu Source Sans. Ndinasindikiza imodzi kunyumba, tinaimata pa katoni ya keke, ndipo apongozi ake anaiwerenga ataima pakhomo la khitchini katoniyo ili patebulo la pabalaza.